Mlandu wakale ndi Global Entry: mmene ndinakanidwira ndi mmene ndinapezera khadi

Pa intavyu yofunsira Global Entry, khadi yodutsira msanga polowa mu America, ofisala anandifunsa funso limodzimodzi kawiri. Ulendo woyamba ndinayankha msanga chifukwa ndinali nditalikonzekera kunyumba: inde, ndinamangidwapo, pa mlandu woyendetsa galimoto nditamwa mowa, umene kuno ku America amangouti DUI. Panali patapita zaka 11, ndipo ndinali nditaulemba pafomu osabisa kanthu. Iye anayang'ana pakompyuta yake kwa kanthawi, n'kufunsanso modekha ngati kumangidwako kunali kokhako. Ndinati inde. Kenako anatchula mwezi wina ndi chaka china, ndipo m'mimba munandizizira, chifukwa ndinakumbukira nthawi yomweyo.

Patapita miyezi ingapo chichitikire mlandu wa mowawo, wapolisi anandiimitsa m'mamawa ndikupita kuntchito chifukwa getsi lakumbuyo kwa galimoto linali litafa. Laisensi yanga inali italandidwa, koma ndinali ndi chilolezo chapadera choyendetsera galimoto popita ndi pobwera kuntchito basi. Pepala la chilolezocho ndinali nditalisiya patebulo kunyumba. Ananditengera kupolisi, anandidinda zala, n'kunditulutsa tsiku lomwelo. Kukhoti ndinaonetsa pepalalo ndipo woweruza anathetsa nkhaniyo mosataya nthawi. M'mutu mwanga umenewu sunali mlandu n'komwe, ndipo m'kupita kwa zaka ndinangouiwala. Koma pakompyuta ya ofisala uja panali kumangidwa, tsiku lake ndi dzina la mlandu, ndipo pamalo oyenera kusonyeza mmene nkhaniyo inathera panalibe kalikonse. Kwa munthu wowerenga zimenezo ndinali ndi mlandu umene sunathe, ndipo ndinali nditangoukana pamaso pake.

Kalata yondikana inalowa muakaunti yanga patangopita masiku ochepa. Madola 100 amene ndinalipira nthawi imeneyo anapita, chifukwa ndalama yofunsira sabweza. Lero khadi ya Global Entry ili m'chikwama changa, koma njira imene ndinadzera inali yaitali kuposa mmene inayenera kukhalira. Ndikanayamba ndi zimene ndinadzachita pomaliza, sindikanataya chaka chathunthu.

Sankhani pulogalamu mutadziwa mmene imaonera mlandu

Anthu amasokoneza mayinawa, choncho tiwalekanitse. Global Entry, NEXUS ndi SENTRI amayendetsedwa ndi a Customs and Border Protection, amene timangowatchula kuti CBP. Global Entry ndi ya munthu wolowa mu America kuchokera kunja, makamaka pandege: m'malo moima pamzere wautali, mumapita pamakina amene amajambula nkhope yanu n'kudutsa. NEXUS ndi ya malire a Canada, ndipo SENTRI ndi ya malire a Mexico. Kuyambira pa 1 October 2024, mapulogalamu atatuwa ali pa mtengo umodzi, madola 120 kwa zaka 5. TSA PreCheck ndi ya bungwe lina, Transportation Security Administration, ndipo ntchito yake ndi kukufupikitsirani mzere wa chitetezo ponyamuka pabwalo la ndege la mu America. Wolandira Global Entry amalandiranso PreCheck popanda kulipira kwina. Wolandira PreCheck yokha salandira Global Entry.

Global Entry ndi ya nzika za America, anthu a green card (chilolezo chokhala mu America mokhazikika), ndi nzika za mayiko ena ochepa amene anagwirizana ndi America, monga United Kingdom, Germany, India ndi South Korea. Ngati muli kuno pa viza ya sukulu kapena ya ntchito ndipo dziko la pasipoti yanu silili pamndandanda wawo, musawononge ndalama.

Kwa ife amene tinaimapo pamaso pa woweruza, kusiyana kwakukulu ndi uku. A TSA analemba poyera milandu imene imalepheretsa munthu kulandira PreCheck. Ina imatsekera khomo mpaka kalekale: ukazitape, kuukira boma, uchigawenga, kupha munthu, nkhani za mabomba. Ina imatseka kwa nthawi. Imeneyi ndi milandu ikuluikulu, ya gulu la felony, monga kuba moopseza, kugulitsa mankhwala osokoneza bongo, chinyengo, ziphuphu, kuzembetsa katundu, kutentha nyumba, ndi kusunga mfuti mosaloledwa. Pa imeneyi amaona ngati munaweruzidwa m'zaka 7 zapitazi kapena munatuluka m'ndende m'zaka 5 zapitazi. DUI wamba, wa gulu laling'ono la misdemeanor, sali pamndandanda umenewu. Ndiye mukhoza kuwerenga mndandandawo nokha usiku uno, n'kudziwa pamene mwaima musanalipire kalikonse.

A CBP alibe mndandanda wotere. Lamulo lawo limati akhoza kukukanani ngati munapezekapo olakwa pa mlandu uliwonse m'dziko lililonse, ngati muli ndi mlandu umene ukadali kukhoti kapena chikalata chokumangirani, ngati munaphwanyapo malamulo a kasitomu, a zolowa ndi kutuluka m'dziko kapena a zaulimi, ngati akukufufuzani, ngati mwalemba zabodza kapena zosakwanira pafomu, kapenanso ngati simunawakhutiritse kuti ndinu munthu wosaopsa. Mawu ofunika pamenepo ndi akuti "akhoza". Samangokana aliyense wa mlandu, komanso sakakamizika kulola aliyense. Mudzamva anthu akuuzana kuti mlandu umodzi waung'ono ukapitirira zaka 10 basi watha. N'zoona kuti ambiri amene amaloledwa ali ndi mbiri ndi otero: mlandu umodzi, waung'ono, wakale, ndipo chichitikireni sipanakhalenso china. Koma zaka 10 zimenezo mulamulo lolembedwa mulibe, ndipo simungaziimike pamaso pa ofisala ngati ufulu wanu.

Za NEXUS ndinene mwachidule. Pamafunika kuti mayiko onse awiri akuvomereni, ndipo Canada amauona DUI mwamphamvu kuposa America. Kuyambira December 2018, chilango chachikulu cha kuyendetsa galimoto utaledzera kumeneko chinakwera kufika zaka 10 m'ndende, ndipo mlanduwu unalowa m'gulu la milandu ikuluikulu pa nkhani yolowa m'dziko. Munthu wa DUI akhoza kubwezedwa pamalire ngakhale akungopita kukaona Niagara Falls. Njira yodziyeretsera ilipo, amaitcha criminal rehabilitation, ndipo munthu amafunsira patapita zaka 5 chimalizireni chilango chonse. Yambani ndi imeneyo musanaganize za NEXUS.

Onani kaye zimene iwo akuona

Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo kuno mawu amenewa ndi oona ndithu. Tsiku limene wapolisi anakudindani zala, kumangidwa kwanu kawirikawiri kunapita ku FBI, bungwe la boma lalikulu lofufuza milandu, ndipo kumakhalabe komweko. Vuto n'lakuti apolisi amatumiza za kumanga, pamene za mathero a mlandu zimachokera kukhoti, ndipo nthawi zina sizifika n'komwe. Ndi zimene zinandichitikira ine.

Mbiri imeneyi muli ndi ufulu woiona. Dzina lake ndi Identity History Summary, ndipo mtengo wake ndi madola 18. Mumafunsira pawebusaiti ya FBI, kenako mumatumiza zidindo za zala zanu. Mukhoza kudinda pakhadi n'kutumiza papositi, koma njira yachangu ndi kupita ku positi ofesi imene ili ndi makina odindira, pomwe mumalipira kandalama kena kapadera. Yanga inafika pasanathe sabata. Ndinaitsegula ndili m'galimoto pamalo oimikapo magalimoto kuntchito, ndipo ndinaona ndi maso anga zimene ofisala uja anaona: kumangidwa kuwiri, koyamba kuli ndi chigamulo chake, kwachiwiri kulibe.

Iwerengeni pang'onopang'ono, muli ndi cholembera m'manja. Pa kumangidwa kulikonse lembani tsiku, dzina la polisi imene inakumangani, dzina la mlandu, ndi mmene walembedwera kuti unatha. Onaninso ngati dzina la mlandu ndi limene khoti linagamula. Ambiri amamangidwa pa mlandu waukulu, kenako loya amagwirizana ndi woimira boma kuti avomere waung'ono, koma papepala la FBI pakhoza kutsala dzina lalikulu lija. Mukapeza cholakwika kapena chosowa, FBI imalola kuti mudandaule kwaulere, mutatumiza umboni wa kukhoti. Ngati munakhalapo m'masiteti angapo, funsaninso mbiri yanu ku ofesi yosunga milandu ya siteti iliyonse imene munakumana ndi apolisi, chifukwa zina zimakhala kumeneko osafika ku FBI.

Pali anthu ena amene ali ndi mlandu osadziwa. Tikiti wamba ya pamsewu, yongolipira chindapusa, m'masiteti ambiri si mlandu wa upandu. Koma ku Virginia, mwachitsanzo, kuthamangitsa galimoto mopitirira malire ndi mamailosi 20 pa ola, kapena kupitirira 85 paliponse, ndi reckless driving, kutanthauza kuyendetsa mosasamala, ndipo ameneyo ndi misdemeanor weniweni. Munthu amapita kukhoti, kuvomera, kulipira, n'kubwerera kunyumba akuganiza kuti inali tikiti chabe. Ngati munaimapo pamaso pa woweruza pa nkhani ya pamsewu, fufuzani kuti inalembedwa m'gulu liti.

Pepala la kukhoti

Chinthu chimene ofisala amafuna kuchigwira m'manja ndi pepala losonyeza mathero a mlandu, lokhala ndi chidindo cha khoti. Mukafika ku ofesi ya kalaliki wa khoti limene linazenga mlandu wanu, nenani kuti mukufuna certified disposition. Mawu awiri amenewo awasungeni, chifukwa mukangoti mukufuna kope, akhoza kukusindikizirani pepala wamba lopanda chidindo. Tengani chiphaso chanu, dzina lonse mmene linalembedwera pa nthawiyo, tsiku lobadwa, ndi nambala ya mlandu ngati muli nayo. Amalipiritsa madola ochepa. Ine ndinatenga makope awiri a mlandu uliwonse, ndipo ndikukulangizani kutero.

Wa DUI ndinaupeza tsiku limodzi. Wachiwiri unandizunza. Ndinali nditasamukira siteti ina, ndipo nditaimba foni anandiuza kuti mafaelo a milandu ing'onoing'ono imene inathetsedwa amawawononga pakapita zaka zingapo. Ndinakhala chete pafoni osadziwa chonena. Mayi amene ndinkalankhula nawowo ndi amene anandiuza kuti ndilembe kalata yopempha kuti afufuze m'buku lalikulu la khoti, limene limasunga mzere umodzi wa mlandu uliwonse ngakhale faelo itawonongedwa. Patapita masabata atatu ndinalandira pepala limodzi lokhala ndi chidindo, dzina langa, nambala ya mlandu ndi mawu akuti dismissed. Ngati kwa inu ngakhale mzere umenewo sukupezeka, pemphani kalata ya chidindo yonena kuti anafufuza ndipo zolemba zinawonongedwa. Kalata yotero ndi umboni, ndipo ikuposa kupita chimanjamanja.

Papepalapo mukhoza kupeza mawu ngati dismissed kapena nolle prosequi, kutanthauza kuti mlandu unathetsedwa kapena woimira boma anausiya. Mukhoza kupezanso guilty, kapena nolo contendere, kumene kuli kusatsutsa mlandu, ndipo kumawerengedwa ngati kupezeka wolakwa. Ngati munali wolakwa, musaime papepala la chigamulo lokha. Sonkhanitsani umboni woti chilango munachimaliza: malisiti a chindapusa, satifiketi ya maphunziro amene khoti linakulamulani, kalata yotseka probation (nthawi yoyang'aniridwa ndi khoti uli kunja kwa ndende), pepala lobwezera laisensi. Ine satifiketi ya maphunziro a za mowa ndinaipeza m'katoni ya mapepala akale imene mkazi wanga anakana kuti ndiitaye pamene tinkasamuka.

Nanga mlandu umene unafufutidwa? Ambiri amalipira loya kuti awachitire expungement kapena kuti mbiri yawo itsekedwe, ndipo loyayo amawauza kuti tsopano akhoza kuyankha kuti alibe mlandu. Pofunsira ntchito kapena nyumba ya lendi, m'masiteti ambiri zimenezo n'zoona. Kwa a CBP si choncho. Kufufuta kumeneko ndi lamulo la siteti, ndipo boma lalikulu nthawi zambiri limaonabe zimene zinachitika. Iwo eni amanena kuti amafuna mapepala a kukhoti a kumangidwa kulikonse ngakhale mlandu unafufutidwa. Choipa n'chakuti mlandu ukafufutidwa, kupeza pepala lake kumavuta kwambiri. Ngati mukuganiza zofufutitsa, tengani kaye makope a chidindo. Ngati munafufutitsa kale, funsani loya amene anakugwirirani ntchitoyo, kawirikawiri amasunga kope la lamulo la woweruza.

Ngati muli pa green card, imani kaye apa

Ndime iyi ndi imene ndikufuna kuti muiwerenge kawiri. Ine ndinali pa green card pamene ndinkafunsira, ndipo sindinaganizepo kuti ofisala wa Global Entry ndi wa bungwe lomwe lija limene limagamula ngati munthu alowe m'dziko kapena ayi. Mukamafunsira, mukupempha nokha kuti atsegule mbiri yanu n'kuiyang'ana bwinobwino. Kwa nzika ya America, choipa chimene chingachitike pa mlandu wakale ndi kukanidwa basi. Kwa munthu wa green card nkhani ikhoza kukula.

Malamulo a zolowa m'dziko ali ndi tanthauzo lawolawo la kupezeka wolakwa. Ngati munavomera mlandu ndipo woweruza anakupatsani chilango chilichonse, kaya probation kaya chindapusa, amawerenga kuti munapezeka wolakwa, ngakhale khoti linadzathetsa mlanduwo mutamaliza zimene linakulamulani. Kufufuta kwa siteti nakonso kawirikawiri sikusintha zimenezi. Milandu ya mankhwala osokoneza bongo, kuphatikizapo chamba ngakhale siteti yanu inachiloleza, ndi milandu ya gulu limene amaliti moral turpitude, monga kuba ndi chinyengo, ikhoza kuchititsa kuti pobwera kuchokera kunja akuoneni ngati munthu wopempha kulowa mwatsopano. Mpata ulipo wa mlandu umodzi waung'ono, ngati chilango chake chachikulu mulamulo sichipitirira chaka chimodzi ndipo inu simunagamulidwe kupitirira miyezi 6. Koma kudziwa ngati mlandu wanu ukulowa mumpata umenewo si ntchito yochitira patebulo kunyumba.

Ine ndinapita kwa loya wa za immigration, malamulo a zolowa m'dziko, nditakanidwa kale. Anawerenga mapepala anga onse awiri ndipo anandiuza kuti DUI wanga, poti unali umodzi, wopanda ngozi, wopanda mwana m'galimoto, sunali m'gulu loopsa lija. Anandiuzanso kuti zikanakhala kuti ndinagwidwa nditaledzera laisensi italandidwa kale, nkhani ikanakhala ina. Ndinalipira ola limodzi, ndipo ndi ndalama imene sindinaidandaulepo. Safunsa anadya phula. Pitani kwa loya wa immigration, osati amene anakuimirirani pa mlandu wa upandu, ndipo pitani musanadine batani lotumizira fomu.

Fomu yeniyeniyo

Fomu imalembedwa pawebusaiti ya Trusted Traveler Programs ya boma, ndipo polowa mumagwiritsa ntchito akaunti ya Login.gov. Onetsetsani kuti adiresi ya webusaitiyo ikuthera ndi .gov. Pali mawebusaiti ena ooneka ngati a boma amene amalipiritsa ndalama zowonjezera kuti akulembereni zimene mukanalemba nokha, ndipo alibe mphamvu iliyonse pa chigamulo.

Adzakufunsani za pasipoti, green card ngati muli nayo, laisensi, maadiresi onse a zaka 5 zapitazi, ntchito zonse za zaka 5, ndi mayiko amene mwapitako. Musasiye mwezi wopanda adiresi kapena wopanda ntchito. Ngati simunali pantchito, lembani choncho. Kenako pamabwera mafunso ochepa oyankha inde kapena ayi: za milandu m'dziko lililonse, za kuphwanya malamulo a kasitomu, za kuphwanya malamulo a zolowa m'dziko.

Ine ndinapunthwa chifukwa powerenga funso la pafomu ndinangoganiza za kupezeka wolakwa, kumangidwa kwachiwiri kuja nditakuiwala, ndipo ndinapita ku intavyu ndi maganizo omwewo. Langizo langa ndi ili: ngati munapezeka wolakwa, yankhani inde, kaya ndi kalekale, kaya unafufutidwa, kaya unali kudziko lina. Ndipo pamalo ofotokozera lembaniponso kumangidwa kulikonse kumene kunathera pothetsedwa. Lembani mwachidule: chaka, malo, dzina la mlandu monga lilili papepala la khoti, ndi mathero ake. Musadziikire kumbuyo, musanene kuti wapolisi anakuonerani, musalembe mbiri ya moyo wanu. Ziganizo ziwiri kapena zitatu pa nkhani iliyonse n'zokwanira. Mlandu wakale ofisala akhoza kuuyeza n'kuupeza wopepuka. Chimene mwabisa sachiyezanso, chifukwa kulemba zosakwanira ndi chifukwa chokanira pachokha, ndipo chimakhala cha lero, osati cha zaka 11 zapitazo.

Mukalipira mumadikira. Ena amalandira yankho m'masiku ochepa, koma wa mbiri ngati yathu kawirikawiri faelo yake imapita kwa munthu kuti aiwerenge, ndipo ikhoza kutenga miyezi yambiri. Yankho likhoza kukhala kukanidwa pomwepo, kapena chivomerezo choyamba chimene amachiti conditional approval. Chivomerezo chimenechi si khadi ayi, chimangokutsegulirani khomo la intavyu.

Tsiku la intavyu

Intavyu mukhoza kuichitira ku ofesi yolembetsera, zambiri zili m'mabwalo a ndege, mutasungitsa tsiku muakaunti yanu. Ilipo njira ina yotchedwa Enrollment on Arrival, yochitira intavyu pomwe mukufika kuchokera kunja popanda kusungitsa tsiku. Kwa munthu wopanda mbiri ndi yabwino. Kwa inu ndi ine sindiilimbikitsa. Mumakhala mutatopa ndi maola ambiri a mundege, m'mutu simuli bwino, ndipo mapepala a kukhoti si chinthu chimene munthu amayenda nacho ku tchuthi. Sungitsani tsiku, mupite mutagona mokwanira.

Tengani pasipoti, green card, laisensi, umboni wa kumene mukukhala, ndi envelopu ya mapepala a kukhoti mutawasanja motsatira zaka. Adzakujambulani ndi kukudindani zala, ndipo zidindozo ndi zimene zimatulutsa mbiri yonse, ngakhale ya dzina limene munasiya kuligwiritsa ntchito. Funso la pakamwa nthawi zambiri limakhala lotambalala kuposa la pafomu: kodi munamangidwapo, munadindidwapo zala ndi apolisi, munaonekerapo kukhoti? Yankhani zonse pa ulendo woyamba, musadikire kuti akukumbutseni. Nenani kangati, liti, ndi mmene zinathera, kenako perekani mapepala. Akafunsa zimene zinachitika, fotokozani mwachidule ndipo vomerani mbali yanu. Ngati pali pepala limene akulifuna ndipo mulibe, funsani ngati mungalitumize pambuyo pake, kwa ndani ndiponso pofika liti, ndipo lembani yankholo pomwepo.

Akakukanani

Kalata imalowa muakaunti yanu, ndipo chifukwa chimene amalemba chimakhala chachifupi. Sabata yoyamba ndinachita manyazi kwambiri, moti ndinangouza mkazi wanga yekha. Zinandipweteka kuti nkhani imene ndinaimaliza, ndinalipira, ndinasiya mowa chifukwa cha iyo, inali itandipezanso ndili bambo wa ana awiri. Ngati inunso mukumva choncho, dzipatseni masiku angapo musanalembe chilichonse. Kalata yolembedwa ndi mkwiyo siithandiza.

Muakaunti momwemo muli batani lopemphera kuti aonenso chigamulo, ndipo pempholo limapita kwa Ombudsman wa mapulogalamuwa, ofesi ya CBP yomva madandaulo. Ndi laulere. Limalembedwa m'Chingerezi, ndipo amafuna tsiku limene munakanidwa, chifukwa chimene chili m'kalata, kufotokoza kwanu, ndi mapepala a kukhoti a kumangidwa kulikonse. Musathamangire kudina batanilo mapepala asanakwane. Ine ndinadikira mpaka zonse zitafika, kenako ndinazisikana bwino kuti chidindo chizioneka, n'kuziika mu PDF.

Kalata yanga inali tsamba limodzi. Ndime yoyamba ndinatchula tsiku ndi chifukwa cha kukanidwa. Yachiwiri ndinafotokoza za DUI: kuti ndinalakwa, chilango chinali chiyani, ndinachimaliza liti. Yachitatu inali yovuta kuilemba. Ndinanena mosabisa kuti pa intavyu ndinayankha molakwika za kumangidwa kwachiwiri, kuti ndinali nditakuiwala chifukwa mlanduwo unathetsedwa, kuti unali udindo wanga kufufuza ndisanapite, ndipo pepala la khoti ndi ili. Ndime yomaliza ndinanena za zaka zimene zapita popanda nkhani ina iliyonse, ntchito imene ndakhalapo nthawi yaitali, ndi maulendo anga akunja amene sanakhalepo ndi vuto pakasitomu. Sindinaike makalata a anzanga ondichitira umboni. Chimene chinkasowa chinali pepala la khoti, ndipo sindinafune kulikwirira ndi zina.

Kenako kunali kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinadekha miyezi 7. Palibe foni yoimba kuti zifulumire. Tsiku lina imelo inabwera yonena kuti muakaunti mwasintha zinthu, ndipo nditalowa ndinapeza kuti andibwezera pa conditional approval. Intavyu yachiwiri ndinayamba ndine kutchula kumangidwa konse kuwiri, envelopu ili patebulo. Ofisala anawerenga mapepalawo, anafunsa mafunso awiri, n'kundidinda zala.

Sindikufuna kukunamizani kuti aliyense zimamuthera chonchi. Wina amene ndimagwira naye ntchito ali ndi milandu iwiri ya DUI, wachiwiri wa zaka zochepa zapitazo, ndipo Ombudsman anamuyankha kuti chigamulo sichisintha. Mlandu wa felony, wa mankhwala osokoneza bongo, wa nkhanza m'banja, kapena wozembetsa katundu pamalire ndi wovuta kwambiri kudutsa nawo. Ngati muli m'gulu limeneli, musamangolipira madola 120 chaka ndi chaka. Mnzangayo anafunsira TSA PreCheck payokha, pa mtengo wa pafupifupi madola 80, ndipo anamulola. A TSA akapeza chokayikitsa amatumiza kalata yoyamba n'kukupatsani masiku 60 oti muyankhe ndi umboni, choncho envelopu ija imagwiranso ntchito kumeneko. Pobwera kuchokera kunja iye amagwiritsa ntchito Mobile Passport Control, pulogalamu ya pafoni ya CBP yomweyo, yaulere, yosafuna intavyu, yotsegukira nzika ndi anthu a green card, ndipo m'mabwalo ambiri mzere wake ndi waufupi. Ngati kalata yokukanani siikumveka ndipo mbiri yanu ya FBI ili yoyera, mukhoza kupempha zolemba zanu kwa CBP kudzera mu FOIA, lamulo lopatsa anthu ufulu woona zolemba za boma, kapena kudandaula ku DHS TRIP, ofesi ya boma yomva madandaulo a apaulendo, ngati mukuganiza kuti akukusokonezani ndi munthu wina wa dzina lofanana ndi lanu.

Khadi ikafika

Kufufuza sikuthera pa intavyu. A CBP amayang'anabe mamembala nthawi zonse, ndipo kumangidwa kwatsopano kukhoza kuchotsetsa khadi mlandu usanafike n'komwe kwa woweruza. Chimene chimagwetsa anthu ambiri osayembekezera ndi chakudya. Chipatso chimene anakupatsani mundege n'kuchiika m'chikwama, kapena nyama imene achibale anakulongedzerani, mukapanda kuzinena pofika ndi kuphwanya malamulo a zaulimi, ndipo chindapusa chake chimabwera limodzi ndi kulandidwa khadi. Ine ndimanena chilichonse chodyedwa chimene ndanyamula, ngakhale ndikudziwa kuti n'chololedwa. Ndalama zopitirira madola 10,000 nazonso zimanenedwa, ndipo ngati mukuyenda monga banja amaziwerengera pamodzi.

Nambala imene ili kuseri kwa khadi, yotchedwa PASSID, ndi imene mumalemba pamalo a Known Traveler Number pogula tikiti kuti PreCheck ioneke pa chiphaso chokwerera ndege. Dzina la patikiti lifanane ndendende ndi la muakaunti. Kukonzanso umembala kumatseguka kutatsala chaka chimodzi kuti uthe, ndipo mafunso a milandu amabweranso omwe aja. Muwayankhe inde monga poyamba, ndi mawu omwewo, chifukwa kuloledwa kamodzi sikunafufute kanthu. Envelopu yanga ili m'dirowa limodzi ndi mapasipoti a banja lonse, ndipo makope ake a PDF ndinadzitumizira pa imelo kuti ndiziwapeza kulikonse kumene ndili.